Makolo Anzanga a ku Chongwe, Chinjoka cha pa Foni Chisatiphimbe M'maso

Amayi ndi abambo a m'boma la Chongwe, agogo amene mukulera zidzukulu, azakhali ndi amalume amene munatenga ana a abale anu, ndibwerekeni khutu pa nkhani imene ena angati njosayenera kutayirapo nthawi. Ndikunena za masewera a makhadi a pa foni otchedwa solitaire, makamaka aja ovekedwa nthano: malinga a mafumu, nkhalango za mdima, tianthu ta mapiko, zinjoka zolavula moto, ndi nkhalamba za ndevu zogwira ndodo ya matsenga. Ana athu akuwasewera. Akuwasewera ku Silverest ndi ku Meanwood, kumene mwana wina ali ndi tabuleti yakeyake, ndipo akuwasewera ku Kanakantapa, ku Katoba ndi ku Lwimba, kumene foni ndi imodzi nyumba yonse ndipo mwana amaigwira mayi akapita kudimba. Ndamva makolo akudandaula nawo magemu amenewa, ndipo kudandaula kwawo kuli ndi chifukwa. Chondivutitsa mtima n'chakuti ambirife taloza chala pa chinjoka chojambulidwa, pamene chotidyera ana chakhala phee pakona ya galasi, m'kabatani kolembedwa mtengo.

Tiyambe tadziwa chimene mwana akuchita akamagogoda galasilo. Makhadi ndi omwe aja timawadziwa, 52, mitundu inayi, mtundu uliwonse 13. Sasewera ndi mnzake, amalimbana ndi mulu wosakanizidwa. Mu mtundu wakale wotchedwa Klondike, munthu amayala makhadi m'mizere isanu ndi iwiri, lofiira pa lakuda, motsitsa, mpaka onse atakwera m'milu inayi. Koma magemu ambiri a nthanowa amatsata mtundu wopepuka, wa TriPeaks, umene Robert Hogue anaupanga mu 1989, kapena mnzake wotchedwa Golf. Lamulo lake ndi limodzi basi: pansi pakakhala 7, ukhoza kusanjikapo 6 kapena 8, pakakhala 8, usanjike 7 kapena 9. Ukasowa khadi loyenera, umatola lina pa mulu. Mulu ukatha makhadi ali pabwalo, wagonja. Mwana wa giredi 2 amalimva lamuloli nsima isanapse.

Solitaire ya pa galasi sinayambe ndi ana. Inafala ndi kampani ya Microsoft, imene mu 1990 inaiika m'makompyuta a Windows 3.0. Anailemba ndi Wes Cherry, mnyamata amene ankaphunzira ntchito pakampanipo, ndipo zithunzi za makhadiwo anajambula ndi Susan Kare. Cholinga chinali chophunzitsa anthu a m'maofesi kugwira mausi, kukoka chinthu ndi kuchisiya pena, popeza manja awo anazolowera taipi. Anthuwo anaphunziradi, kenako anakana kuleka. Mu 2006 meya wa mzinda wa New York, Michael Bloomberg, anachotsa ntchito munthu wa mu ofesi atapeza solitaire pa kompyuta yake. Amene munagwirapo ntchito m'maofesi a boma ku Lusaka zaka za m'ma 2000 mukudziwa kuti meya ameneyu akanabwera kuno akanatopa nako kulemba makalata. Pambuyo pake opanga magemu anaona kuti makhadi okhaokha amatopetsa, ndiye anawaveka nkhani. Mu Faerie Solitaire, ya mu 2009, ukapambana umamasula tianthu ta mapiko togwidwa ukapolo, n'kumatola mazira amene amaswa tizilombo toweta. Mu Solitairica, ya mu 2016, khadi lililonse lochotsedwa limakupatsa mphamvu yomenyera asilikali a mfumu yoipa yotchedwa Emperor Stuck. Otsanzira ndi osawerengeka, ndipo ndi amene adzaza m'mafoni athu.

Tsopano nkhani ya matsenga. Sindikupeputsa chikumbumtima cha kholo lililonse. Dziko lathu linalengezedwa kukhala lachikhristu mu 1991, ndipo ngakhale chilengezo chisanabwere, anthu a kuno sankaseka za ufiti. Kholo likaona kuti chithunzi china chikutsutsana ndi chikhulupiriro cha pakhomo pake, lili ndi ufulu wonse wochifafaniza, ndipo silifunika kupempha chilolezo kwa ine kapena kwa mwana. Komabe tikumbukire kuti nafenso tinakulira m'nthano. Madzulo pamoto agogo ankatisimbira za chilombo chimene chinameza mudzi wathunthu, za kambalame kamene kanaulula wopha mnzake, za Kalulu amene ananamiza Njovu ndi Mvuu kuti zikokane chingwe. Tinkanjenjemera, tinkagona titakumbatirana, ndipo palibe amene anasanduka mfiti chifukwa cha zimenezo. Mwana amafuna nkhani imene muli choopsa ndi wochigonjetsa. Akapanda kuimva kwa ife, amakaitola kwina.

Ndipo taonani mmene mantha a chithunzi amatisocheretsera. Imodzi mwa magemu a solitaire otchuka kwambiri pa foni ndi Solitaire Grand Harvest, imene tsopano mwini wake ndi kampani ya Playtika. Mulibe mfiti, mulibe chinjoka. Muli munda, mbewu zokolola, ndi kagalu kokongola. Kholo lofufuza foni likhoza kufafaniza gemu ya tianthu ta mapiko n'kusiya ya mundayi, mtima uli m'malo, poganiza kuti mwana wa mlimi akuphunzira za ulimi. Chonsecho gemu ya mundayi ndiyo imene imafuna makobidi a m'gemu kuti ulowe gawo lililonse, ndipo makobidiwo akatha imakugulitsa ena ndi ndalama zenizeni. Faerie Solitaire ya pa kompyuta, yodzaza ndi za matsengayo, umagula kamodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye funso loyamba pa gemu iliyonse lisakhale la zimene zajambulidwa. Likhale lakuti: wopanga gemuyi akudya bwanji?

Ndisanayankhe, ndinene zabwino zake, poti zilipo ndipo si bwino kuzibisa. Mwana wosewera TriPeaks amawerenga chokwera ndi chotsika mosaganizira n'komwe. Amaphunzira kuyang'ana patsogolo: ndikachotsa 6 uyu kaye, pansi pake patuluka chiyani, nanga ndikayamba ndi 8 uyo, mzere utalika bwanji? Amaphunziranso chinthu chimene akuluakulu ena sitinachiphunzirebe, kuti ukhoza kusewera bwino n'kugonja. Akatswiri a za makompyuta a pa yunivesite ya St Andrews ku Scotland anawerengera kuti ngakhale munthu ataona makhadi onse a Klondike, obisika omwe, masewera otheka kupambana ndi pafupifupi 82 pa 100 alionse. Otsalawo alibe njira ngakhale utachenjera chotani. Mulibe magazi, mulibe kutukwana, ndipo mu yambiri mulibe mlendo wolankhula ndi mwana wanu. Poyerekeza ndi zina zimene zili pa intaneti, iyi ndi gemu yofatsa. Kufatsa kwakeko ndiko kumatigonetsa tulo.

Gemu yolembedwa kuti njaulere ili ndi anthu amene akulipidwa kumapeto kwa mwezi: ojambula, olemba mapulogalamu, owerengera ndalama. Malipiro awo amachokera mbali ziwiri, kwa otsatsa malonda ndi kwa osewera ogula zinthu m'kati mwa gemu. Kuti zimenezi zitheke, wosewera ayenera kubwera tsiku ndi tsiku, ndipo akabwera asachoke msanga. Nayi njira yake, ndipo ndikupemphani muitsatire bwino, chifukwa mukaimva simudzafunanso wina wokuuzani gemu yoyenera ndi yosayenera.

Masiku oyamba zonse n'zofewa. Mwana amapambana gawo ndi gawo, nyenyezi zikuthwanima, makobidi akugwa ngati matalala, kanyimbo kakulira. Amapatsidwa mphatso polowa, mphatso pomaliza, mphatso chifukwa chongobweranso mawa lake. Amayi ogulitsa tomato pa msika wa Chongwe akudziwa ntchito ya mbasela: sikuti wogulitsa wadana nayo tomato wake, akufuna phazi lako lizolowere njira ya pa tebulo lake. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Pofika gawo la makumi angapo, zinthu zimayamba kulimba, ndipo wokonza kuti gawo ili lifewe, ilo lilimbe, ndi mwini gemu. Mwana amasewera bwinobwino, pabwalo patsala khadi limodzi kapena awiri, mulu n'kutha. Pomwepo pamatuluka uthenga waulemu: kodi ukufuna makhadi ena asanu? Ndi makobidi akutiakuti. Makobidi akaperewera pali njira ziwiri, kuonera kanema wa malonda wa theka la mphindi kapena kugula thumba la makobidi, limene lero lokha akuti latsitsidwa mtengo, ndipo kawotchi kakuwerenga mphindi zotsala. Munthu wamkulu amene amavutika kusiya gemu patatsala khadi limodzi asamunyoze mwana wa zaka 9.

Zimenezi sizinangochitika. Katswiri wa za khalidwe wa ku America, B. F. Skinner, ankayesa nkhunda ndi makoswe m'mabokosi cha m'ma 1950. Anapeza kuti nkhunda yolandira kambewu nthawi iliyonse ikajompha batani imaleka msanga mbewu zikasiya kugwa. Koma yolandira mwa apo ndi apo, osadziwa kuti kujompha kuti kubweretsa kambewu, imajompha mosalekeza. Makina a njuga amayenda pa nzeru imeneyi. Bokosi la mphatso la m'gemu, limene sudziwa chili m'kati mpaka ulitsegule, limayenda pa nzeru yomweyo, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 dziko la Belgium linagamula kuti mabokosi otere, akamagulidwa ndi ndalama, ndi njuga basi. Onjezanipo timauthenga tolira pa foni kuti mphatso yako yapsa, kuti dzira lako latsala pang'ono kuswa, kuti ukapanda kulowa lero mndandanda wa masiku ako uduka. Mwana amene simungamudzutse kuti akatunge madzi amadzuka yekha kukatola makobidi.

Wina anena kuti, ife kuno tilibe makhadi a ku banki olumikizidwa ku foni, atibera chiyani? N'zoona kuti nkhani zazikulu za ndalama zinachitikira kunja. Mu 2014 kampani ya Apple inavomera kubweza ndalama zosachepera madola 32.5 miliyoni kwa makolo a ku America amene ana awo anagula zinthu m'magemu popanda chilolezo, ndipo chaka chomwecho Google inavomera kubweza zosachepera madola 19 miliyoni. Mu December 2022 kampani ya Epic Games, mwini wa Fortnite, inavomera kulipira madola 520 miliyoni, mwa zina chifukwa cha mabatani oikidwa mwa njira yakuti munthu agule asanafune. Makolo amenewo anawamenyera nkhondo ndi boma lawo. Kholo la ku Kapete likhoza kukadandaula ku ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni, pa za toktaimu yodulidwa mosadziwika bwino, koma kampani ya gemu ili kutsidya kwa nyanja silingaifikire. Ndipo kulipira tikulipira kale. Kanema aliyense wa malonda amadya bandulo, ndiye mayi amadabwa kuti bandulo ya sabata yatha Lachitatu pomwe iye wangotumiza mauthenga a WhatsApp. Mwana akagogoda chotsatsa molakwika, nthawi zina amalembetsa foni ku zinthu zodula toktaimu tsiku lililonse. Komanso masiku ano ndalama ya m'foni imatha kulumikizidwa ndi khadi logulira zinthu pa intaneti, ndipo tinene zoona, ana athu ambiri manambala athu achinsinsi a MTN ndi Airtel amawadziwa, chifukwa ndi omwewo timawatuma ku buthi.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri si bandulo. Ndi zimene zimatuluka m'makanema a malondawo. Foni ikakhala ya munthu wamkulu, makina otsatsa amaganiza kuti woigwirayo ndi wamkulu. Mwana wamaliza gawo lake la tianthu ta mapiko, ndipo mphotho yake ndi kuonera chotsatsa cha kubetcha pa mpira, kapena cha ngongole za pa foni, kapena cha gemu ina ya makhadi yolonjeza kuti ukapambana ulandira ndalama zenizeni. Magemu otere alipodi, monga Solitaire Cash ndi Solitaire Clash, ndipo kwawo komweko ali ndi milandu: mu 2024 kampani ya Skillz inasumira Papaya Gaming, mwini wa Solitaire Cash, ku khoti la ku New York, ponena kuti ena mwa amene osewera ankapikisana nawo sanali anthu koma makina. Ife a ku Chongwe njira imeneyi tikuidziwa kumene imathera. Taona ana a yunifolomu ataunjikana pa makina a bonanza kuseri kwa kantemba, ndalama ya chakudya cha kusukulu ikumezedwa kobidi ndi kobidi. Taona anyamata akuluakulu atayang'anitsitsa kandege ka Aviator, akudikira kuti kakwere pang'ono, pang'ononso. Malamulo a Zambia salola munthu wosakwana zaka 18 kutchova njuga, koma lamulo silingaone zimene zikuchitika pansi pa bulangete. Sindikunena kuti mwana aliyense wosewera solitaire adzathera pa njuga; ambiri sadzatero. Ndikunena kuti mtima wozolowera kuti "kamodzi kokha, mwina pano ndipata" ndi umene eni njuga akuusakasaka, ndipo gemu yaulere imawalimira munda.

Moyo wa m'boma lathu umapatsa zinthu zimenezi mpata waukulu. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tadutsa anthu 300,000, ndipo ambiri mwa obwera kumene amagona kuno n'kumagwira ntchito mu Lusaka. Kuchoka pa boma kufika m'tauni ndi makilomita pafupifupi 45 pa msewu wa Great East, koma wokwera minibasi akudziwa kuti makilomita ndi maola n'zosiyana. Kholo limanyamuka nkhuku zisanatsike, limabwera ana atadya kale. Pakati pa tsiku ana ali ndi agogo, kapena ndi mkulu wawo wa zaka 14, kapena ndi mtsikana wa ntchito amene naye ali ndi foni yake. Kumidzi nkhani ndi ina koma mapeto ndi amodzi: nthawi ya dzinja akulu onse ali kumunda, nthawi ya chilimwe ali kudimba kapena pa msewu ndi matumba a makala. Foni yasanduka mlezi, ndipo sindikuweruza aliyense, poti mlezi ameneyu safuna malipiro a mwezi ndipo sadwala. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza mu February kuti ndi tsoka la dziko, magetsi a ZESCO ankabwera maola ochepa okha, kawirikawiri pakati pa usiku. Mabanja ambiri anazolowera kudzuka usiku kutchaja mafoni, kusita ndi kupopa madzi. Wailesi ya kanema inali chete, foni yokha ndiyo inali ndi moto. Ana amene anazolowera kugwira foni usiku nyengo imeneyo sanaleke chifukwa chakuti mvula inabweranso.

Tulo ndito timayamba kuonongeka. Madokotala a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12 pa tsiku, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Gawo limodzi la solitaire silitha mphindi zitatu, ndipo apa ndi pamene pali msampha, chifukwa palibe amene amaona vuto kuwonjezera mphindi zitatu. Kuyambira mu 2022, pamene boma linachotsa malipiro a sukulu, makalasi athu adzaza mpaka pakhomo. Ndi chinthu chabwino kuti ana abwerera kusukulu, koma mphunzitsi wa ana ochuluka chotero sangaone kuti wa kumbuyo uja akusinza chifukwa cha njala, malungo kapena foni. Woona ndi inu. Ndipo mwezi wa October ukafika, pamene mfumu yathu Gogo Nkomeshya Mukamambo II akutsogolera mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula ndi kubzala mbewu zoyamba, mayeso amakhala ali pakhomo. Mwana amene wagona mochedwa chaka chonse sangakonze zimenezo m'masabata awiri.

Pali china chowawa kuchinena. Magemu a makhadiwa kwenikweni amapangidwira akuluakulu, ndipo nthawi zambiri mwana amaipeza gemu ili kale m'foni ya mayi kapena ya bambo. Tikusewera mu minibasi, pa mzere wa kuchipatala, pa shopu makasitomala akasowa, ngakhale pa maliro kuseri kwa tenti. Sindikuletsa munthu wotopa kupumitsa mutu ndi makhadi. Koma mwana amene wabwera ndi buku kuti mumuonere homuweki, n'kuuzidwa kuti adikire mumalize gawo, waphunzira phunziro lina limene silili m'bukumo. Lamulo lililonse limene tiike pa foni, tiyambe ife kulisunga.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musayambe ndi kulanda. Foni yolandidwa mwaukali imabwerera mwakuba, kapena mwana amakasewerera kwa mnzake kumene simungaone chilichonse. Yambani ndi kukhala naye pansi, mumuuze kuti akuphunzitseni. Ana amakonda kuphunzitsa makolo, ndipo adzakuonetsani zonse, ndi zimene akanabisa zomwe. Sewerani naye mpaka mugonje, kenako muone chimene chituluke pa galasi. Ngati gemu ingoti yesaninso, njabwino. Ngati ikuonetsani mtengo, kawotchi kapena kanema, mufunseni mwanayo kuti akuganiza kuti ndani akupindula. Mudzadabwa kuti mwana wa giredi 5 amaimva msanga nkhani yoti wina akumuchenjerera, ndipo sakondwa nayo. Chitetezo chimenecho chimapita naye kulikonse, ngakhale inu kulibe.

Kenako yesani izi: zimitsani data, mutsegule gemu. Yambiri ya makhadi wamba imayenda bwinobwino popanda intaneti, ndipo zotsatsa zimasowa polowera. Imene ikukana kutseguka popanda intaneti, dzifunseni kuti ikufunanji kunjako pomwe makhadi 52 ali kale m'foni. Musanaike gemu yatsopano, werengani timawu tating'ono pansi pa dzina lake mu Play Store. Pakalembedwa "Contains ads" ndiye kuti muli zotsatsa, pakalembedwa "In-app purchases" ndiye kuti muli sitolo. Mu Play Store momwemo muli poikira lamulo lakuti chilichonse chisagulidwe popanda nambala yachinsinsi, ndipo pulogalamu ya Google Family Link, imene njaulere, imatha kutseka foni ya mwana nthawi yogona ikakwana. Timauthenga ta gemu tizimitseni tonse. Nambala yachinsinsi ya ndalama isinthidwe, ndipo mwana wotumidwa ku buthi apite ndi ndalama m'manja, osati ndi nambala m'mutu. Amene muli ndi kompyuta ndipo mungathe, gemu yogula kamodzi imatsika mtengo kuposa yaulere, ngakhale zikumveka ngati zopotoka.

Za nthawi, banja lililonse lione lokha, koma ziwiri izi ndikuzipempha mogwada. Foni igone kuchipinda kwa makolo. Ndipo khanda lisapatsidwe foni kuti litonthole. Bungwe la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere galasi n'komwe, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Ku China boma linachita kulamula mu 2021 kuti ana osakwana zaka 18 azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi pa maholide. Kuno lamulo lotero kulibe, ndipo ine sindikulilakalaka. Boma limene likulimbana ndi madesiki ndi mijigo lisabwere kudzatiyang'anira kuchipinda. Pogwirizana ndi mwana, muziwerenga magawo m'malo mwa mphindi. Mukati "mphindi khumi" mudzakangana, chifukwa nthawi ikatha iye adzakhala ali pakati pa gawo. Mukati "magawo asanu, ntchito za pakhomo ndi homuweki zitatha," mapeto ake amaoneka kwa nonse.

Ndingakondenso kuti m'nyumba mukhale paketi ya makhadi enieni. Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri, ndi m'mipingo ina, makhadi ndi njuga ndi chinthu chimodzi, ndipo amene mukuona choncho sindikukakamizani. Nsolo ilipo, drafuti ilipo, chiyato chilipo, ndipo mwana amene wakumba yekha maenje a nsolo pansi pa mtengo wa mango amawerenga mofulumira kuposa wa TriPeaks. Koma kwa amene mulibe nazo vuto, solitaire yoyala pa mphasa ndi yomweyo ya pa foni, kungoti mulu ukatha palibe wokugulitsa makhadi ena asanu. Umasakaniza, n'kuyambanso, kapena umatopa n'kupita kukasewera mpira. Mng'ono amakhala pambali kuloza khadi limene mkulu sanalione, ndipo gemu ya munthu mmodzi yasanduka ya atatu. Nkhani ya chinjoka ndi mwana wa mfumu, imene gemu imangoipereka pang'onopang'ono ngati nyambo, agogo akhoza kuisimba yonse usiku umodzi, m'Chisoli kapena m'Chinyanja, ndi nyimbo yake yomwe. Ana athu ambiri a m'boma la Asoli akukula osamvapo nthano imodzi m'Chisoli, ndipo mlandu umenewo si wa foni yokha.

Pali ana ena, ochepa, amene zinthu zapitirira. Bungwe la WHO linaika vuto la kusewera magemu mosadziletsa pa mndandanda wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu January 2022. Zizindikiro zake si kukonda gemu chabe. Ndi pamene munthu walephera kudziletsa, gemu yaposa chakudya, sukulu ndi anzake, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti zikumuononga, kwa nthawi yokwana ngati chaka. Mwana wotere chikwapu sichimuchiritsa, ndipo kumunena kuti walowa satana pamaso pa anzake kumangomutsekera pakamwa. Kawirikawiri pamakhala china chimene akuthawa: kuvutitsidwa kusukulu, maliro amene sanawalire, mkangano wa makolo umene amaumva usiku. Lankhulani ndi mphunzitsi wa uphungu pa sukulu pake, pitani ku chipatala cha boma cha Chongwe, ndipo zikafunika chipatala cha Chainama chili pa msewu womwewu wa Great East. Nambala ya 116 ya Childline njaulere, mwana angaimbe, kholonso lingaimbe.

Chomaliza ndikupempha akomiti a makolo ndi aphunzitsi, kuyambira ku Kasisi ndi ku Palabana mpaka ku Chalimbana. Pa msonkhano wotsatira, mukatha za mpanda ndi za zimbudzi, patulani theka la ola. Kholo lililonse libwere ndi foni yake. Mphunzitsi wa kompyuta, kapena wophunzira wa pa yunivesite ya Chalimbana amene ali pa sukulupo kuphunzira kuphunzitsa, aime kutsogolo aonetse potsekera kugula, pozimitsira timauthenga, ndi poonera maola amene gemu iliyonse yadya sabata imeneyo. Agogo amene maso akuvuta akhale pafupi ndi wachinyamata wowathandiza, ndipo asachoke foni yawo isanakonzedwe.